Woongolera magalimoto pamalo okonza msewu

Woongolera magalimoto pamalo okonza msewu ndi munthu amene amaima kumayambiriro kapena kumathero kwa gawo la msewu lomwe likumangidwa kapena kukonzedwa, n'kumaimitsa magalimoto, kuwachedwetsa kapena kuwalola kudutsa. Amagwiritsa ntchito mbendera yofiira, chikwangwani cha m'manja cholembedwa STOP mbali imodzi ndi GO mbali inayo, komanso zizindikiro za manja. Anthu ambiri amangomutchula kuti wambendera. Pa Chingerezi amatchedwa flagman kapena flagger, ndipo ku Australia amati traffic controller.

Wambendera si wapolisi wa pamsewu. Sangamange munthu, sangalipiritse chindapusa ndipo sangalande layisensi ya dalaivala. Mphamvu zake zimachokera pa chilolezo chimene kontrakitala wapatsidwa chotseka mbali ya msewu pa nthawi ya ntchito. M'mayiko ena munthu saloledwa kugwira ntchitoyi asanachite kosi ndi kulandira chiphaso chokhala ndi tsiku lothera. Ku Malawi njira yodziwika ndi yodzera kwa kontrakitala, amene amalemba anthu a m'dera lomwe msewu ukudutsa ndi kuwaphunzitsa pamalo a ntchito pomwepo.

Ntchito yake

Wambendera amafunika kwambiri pamene msewu wa mbali ziwiri wasanduka wa mbali imodzi. Izi zimachitika akamathira phula mbali imodzi, akamakumba ngalande, akamaika kalavati kapena pamene mbali ya msewu yagumuka. Magalimoto ochokera uku ndi uku amayenera kusinthana pa njira imodzi yotsalayo, ndipo ambendera awiri, mmodzi kumapeto kulikonse, ndiwo amaonetsetsa kuti magalimotowo asakumane pakati. Amafunikanso pamene matipa onyamula miyala akulowa ndi kutuluka mumsewu waukulu, polowera msewu wolambalala, ndiponso pamene giredala kapena katapila ikubwerera chafutambuyo pafupi ndi anthu oyenda pansi.

Amateteza magulu awiri a anthu nthawi imodzi. Gulu loyamba ndi anzake apantchito, amene nthawi zambiri amakhala atawerama kapena atafulatira magalimoto ndipo sangamve galimoto ikubwera chifukwa cha phokoso la makina. Gulu lachiwiri ndi onse ogwiritsa ntchito msewu. Wambendera mwiniwake ndiye amakhala pamalo oopsa kuposa onse, chifukwa ndiye munthu woyamba amene galimoto yothamanga imakumana naye.

Chitsanzo cha msewu wa ku Makwasa

Makwasa ili m'boma la Thyolo, kum'mwera kwa Thyolo boma, pakati pa minda ya tiyi. Kumeneko n'kumene kuli mishoni ya Malamulo ya mpingo wa Seventh-day Adventist, imene inayamba mu 1902, pamodzi ndi chipatala chake ndi sukulu yophunzitsa zachipatala. Msewu wa S151 umapatuka pa msewu wa M2 ku Thyolo boma, n'kudutsa pa Makwasa ndi Thekerani, kenako kutsikira ku Muona ndi Makhanga m'boma la Nsanje. Ntchito yoika phula pa msewu wa Thyolo mpaka Makhanga, wa makilomita pafupifupi 82, inapatsidwa kwa kampani ya ku Portugal ya Mota-Engil, ndipo ndalama zina zinachokera ku ngongole za mabungwe a mayiko a Aluya monga Kuwait Fund ndi BADEA.

Msewu umenewu ukuonetsa bwino chifukwa chake ntchito ya wambendera imafuna maphunziro. Ndi msewu wokhotakhota, wa zitunda ndi mitsetse, ndipo pamakona ambiri dalaivala saona zimene zili kutsogolo. M'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kumagwa chiperoni, nkhungu yosakanikirana ndi mvula yamawawa, imene imatha kubisa munthu woima pa mtunda waufupi. M'dzinja phula limaterera ndipo matope ofiira amalowa mumsewu kuchokera m'tinjira ta m'maesiteti. Nthawi ya mvula ndiyonso nthawi imene tiyi amachuluka, choncho mathirakitala okoka ngolo za masamba opita kufakitale amachulukanso mumsewu.

Ogwiritsa ntchito msewuwu ndi osiyana kwambiri liwiro. Pali maminibasi, malole, njinga zamoto za kabaza, njinga zakapalasa zonyamula nthochi kapena nkhuni, othyola tiyi opita kuntchito m'mamawa, ana asukulu, ndi maambulansi opita ku Malamulo kapena ku chipatala cha boma ku Thyolo. Mabuku ambiri ophunzitsa ambendera analembedwa m'mayiko amene pafupifupi aliyense wodutsa amakhala m'galimoto. Ku Makwasa zinthu sizili choncho, ndipo wambendera amene amawerenga magalimoto okha n'kuiwala wanjinga amene akukankha katundu pachitunda akhoza kutsegula njira munthuyo adakali pakati.

Ntchito za pamsewu sizitha phula likaikidwa. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anawononga misewu ndi milatho m'maboma ambiri a kum'mwera kwa Malawi, kuphatikizapo Thyolo, Mulanje ndi Phalombe. Pa nthawi ngati imeneyi ntchito yokonza imayamba mwadzidzidzi, zikwangwani zokwanira zisanafike, ndipo munthu wa mbendera amakhala chizindikiro chokhacho chimene dalaivala angaone.

Malamulo ndi mabungwe ku Malawi

Misewu ikuluikulu ya Malawi imayang'aniridwa ndi bungwe la Roads Authority, ndipo ndalama zokonzera misewu zimasungidwa ndi Roads Fund Administration. Mabungwe awiriwa anakhazikitsidwa ndi malamulo a mu 2006, m'malo mwa National Roads Authority imene inkagwira ntchito zonse ziwiri. Za kayendedwe ka magalimoto zili m'lamulo la Road Traffic Act la 1997, ndipo malayisensi oyendetsera galimoto amaperekedwa ndi nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services. Bungwe la National Construction Industry Council, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1996, linapatsidwa udindo wolembetsa makontrakitala ndi kukonza maphunziro a anthu a ntchito zomangamanga.

Chimene chimakhudza wambendera mwachindunji ndi mgwirizano wa pakati pa mwini msewu ndi kontrakitala. Migwirizano yambiri ya misewu ku Malawi imatsatira buku la SATCC la miyezo ya ntchito za misewu ndi milatho, lomwe linatuluka mu 1998 kuti ligwiritsidwe ntchito m'mayiko a kum'mwera kwa Africa. Gawo 1500 la bukuli limanena za kusamalira magalimoto pa nthawi ya ntchito, ndipo limaika udindo pa kontrakitala wopereka zikwangwani, zotchinga, misewu yolambalala ndi ambendera. Injiniya woyang'anira ntchitoyo m'malo mwa mwini msewu ndiye amaona ngati zimenezi zikutsatidwa. Maonekedwe a zikwangwani amatsatira buku la zikwangwani za pamsewu la SADC, mmene zikwangwani zosakhalitsa, monga za pamalo okonza msewu, zimakhala ndi mtundu wachikasu pamalo pamene zokhalitsa zili ndi woyera.

Lamulo lina lofunika ndi Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997. Limalamula wolemba ntchito kupereka uthenga, malangizo, maphunziro ndi kuyang'anira kofunika kuti antchito ake akhale otetezeka, komanso kupereka zovala zodzitetezera pamene ntchito ikufuna zimenezo. Tanthauzo lake n'lakuti kuphunzitsa wambendera si chifundo cha kampani koma udindo wake. Kungopatsa munthu mbendera m'mawa n'kumuuza kuti akaime pakona sikukwaniritsa udindo umenewu.

Kulowa ntchito

Makontrakitala amalemba anthu a ntchito zosafuna luso lapadera kuchokera m'midzi yoyandikana ndi msewu. Uthenga umadzera pa chikwangwani cha pakampu ya kampani, kwa mafumu, ku makomiti a chitukuko kapena ku ofesi ya zantchito ya pa boma. Wofuna ntchito amafunika chiphaso cha unzika, chimene bungwe la National Registration Bureau linayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2017. Malamulo a Malawi salola ana osafika zaka 18 kugwira ntchito zoika moyo pachiswe, ndipo ntchito ya pakati pa magalimoto ndi makina akuluakulu ndi yotero. M'ntchito zambiri za misewu m'chigawo cha kum'mwera kwa Africa, amayi ambiri olembedwa ntchito amaikidwa pa mbendera.

Sukulu yapamwamba si yofunika kwenikweni. Chofunika ndi maso oona patali, makutu akumva, mphamvu zoima nthawi yaitali padzuwa kapena pamvula, kutha kuthawa mofulumira, kuwerenga nambala ya galimoto, ndi mtima wosapsa msanga. Ku Thyolo kudziwa Chichewa ndi Chingerezi pang'ono kumakwana, ngakhale Chilhomwe chimathandiza polankhula ndi achikulire ena.

Palibe lamulo lofuna kuti munthu alipire ndalama kuti alembedwe ntchito. Wopempha ndalama kuti alembe dzina la munthu pa mndandanda akuchita katangale kapena utambwali. Kupempha zogonana posinthana ndi ntchito n'koletsedwanso pansi pa lamulo la Gender Equality Act la 2013.

Zimene amaphunzira

Maphunziro amayamba tsiku loyamba, pamene woyang'anira zachitetezo wa kampani amafotokozera antchito atsopano malamulo a pamalopo. Amapitirira m'timisonkhano tatifupi ta m'mawa ntchito isanayambe. Maphunziro abwino amakhala ndi mbali yochita, pamene wophunzira amaonetsa zizindikiro pamaso pa kapitawo asanaikidwe yekha pamsewu.

Choyamba wophunzira amadziwa mmene malo a ntchito amagawidwira. Kutali kumakhala gawo lochenjeza, lokhala ndi zikwangwani zouza dalaivala kuti kutsogolo kuli ntchito, achepetse liwiro ndipo akonzekere kuima. Kenako pali gawo limene makoni amaikidwa mopendeketsa kuti akankhire magalimoto ku mbali yotseguka. Pambuyo pake pamasiyidwa malo opanda munthu, makina kapena katundu, kuti galimoto yolephera kuima ipeze pothera liwiro isanafike pa antchito. Ndiyeno pamabwera malo enieni a ntchito, ndipo kumapeto kuli gawo lobwezera magalimoto ku mbali yawo. Wambendera amaima pambuyo pa zikwangwani zochenjeza koma makoni asanayambe.

Nkhani yaikulu koposa ndi ya poima. Dalaivala ayenera kumuona wambendera ali patali mokwanira kuti aime bwinobwino. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola imayenda mamita pafupifupi 14 pa sekondi iliyonse, ndipo yoyenda makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22. Akatswiri a misewu amawerengera masekondi 2.5 kuchokera pamene dalaivala waona chinthu kufika pamene waponda mabuleki. Pa msewu wathyathyathya, mtunda wonse woimira umene mabuku a ku United States amapereka ndi mamita 35 pa liwiro la 30, mamita 65 pa liwiro la 50, mamita 85 pa liwiro la 60, mamita 130 pa liwiro la 80 ndi mamita 185 pa liwiro la 100. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene mabuleki amafuna umawirikiza kanayi.

Manambalawa amakula pamtsetse, ndipo lole yodzaza katundu imafuna malo ochuluka kuposa galimoto yaing'ono. Ichi n'chifukwa chake wambendera saima kuseri kwa kona kapena kuseri kwa nsonga ya chitunda, ngakhale ntchito ili pomwepo. Amasunthira patsogolo, kona isanayambe, pamene akuonekera. Pa msewu ngati wa Makwasa ndi Thekerani izi zimatha kumuika patali ndi anzake moti sawaona n'komwe. Ayeneranso kukumbukira kuti mzere wa magalimoto oima ukatalika, galimoto yomalizira ikhoza kukhala kuseri kwa kona ina, ndipo yobwera pambuyo pake ingaiwombe kumbuyo. Zikatero amauza kapitawo kuti zikwangwani zisunthidwe kapena pawonjezedwe wambendera wina wochenjeza.

Ku Malawi magalimoto amayenda kumanzere, choncho wambendera amaima m'mphepete mwa msewu ku dzanja lamanzere la galimoto ikubwerayo, atayang'ana kumene ikuchokera. Salowa mumsewu kuti aimitse galimoto ndi thupi lake. Galimoto yoyamba ikaima ndithu, m'pamene angasunthire chapakati pa msewu kuti obwera pambuyo amuone. Asanayambe ntchito amasankhiratu kothawira. Malo okhala ndi chigwembe, khoma lokumbidwa kapena galimoto yoimikidwa kumbuyo kwake si malo oima. Amaima yekha, chifukwa pakati pa gulu la anthu dalaivala sadziwa woyenera kumumvera. Saima pamthunzi wa mtengo, ngakhale dzuwa likuswa mtengo, chifukwa mthunzi umabisa chovala chake.

Zizindikiro n'zochepa ndipo ziyenera kuchitika mofanana nthawi zonse. Poimitsa, wambendera amatambasula mkono wogwira chikwangwani, mbali ya STOP itayang'ana galimoto, osagwedeza, ndipo dzanja linalo amalikweza chikhatho chitayang'ana dalaivala. Ngati akugwiritsa ntchito mbendera, amaitambasula mopingasa njira ya galimotoyo n'kuisiya ikulendewera. Polola kudutsa, amabwerera m'mphepete, amatembenuza chikwangwani, n'kukodola ndi dzanja lopanda kanthu. Mbendera imatsitsidwa pa nthawiyi, chifukwa kukodola ndi nsalu yofiira kumasokoneza: wina amamva kuti aime, wina amamva kuti apite. Pochedwetsa, amakweza ndi kutsitsa mbendera pang'onopang'ono kuchokera pa phewa kupita pansi, osaipitirira pamwamba pa mutu. Kukupiza mbendera uku ndi uku ngati wochemerera mpira, kumene kumaoneka m'misewu yambiri, sikuuza dalaivala chilichonse.

Kulumikizana kwa ambendera awiri ndi kumene kumapewetsa ngozi yoopsa kwambiri, yowombana maso ndi maso. Lamulo lake n'lakuti palibe amene amatembenuzira ku GO asanamve kuti mnzake ali pa STOP ndiponso kuti galimoto yomalizira yatuluka. Akamaonana amagwiritsa ntchito manja. Akakhala kuti saonana amagwiritsa ntchito wailesi za m'manja. Wotseka njira amatchula mtundu wa galimoto yomalizira, maonekedwe ake ndi nambala yake, ndipo mnzakeyo amabwereza zimene wamva. Foni yam'manja ingathandize, koma m'zigwa za ku Thyolo netiweki imatha kusowa ndipo mayunitsi amatha. Pali njira yakale yosafuna batire: dalaivala womalizira amapatsidwa kambendera kapena kamtengo kodziwika kuti akapereke kwa wambendera wa mbali inayo, ndipo njira sitsegulidwa mpaka chinthucho chitafika. Buku la ku United States limati njirayi ndi ya magawo osapitirira mailo imodzi, yomwe ndi makilomita 1.6. Pa magawo aatali kampani imaika galimoto yotsogolera mzere wonse.

Wophunzira amaphunziranso kuwerengera nthawi. Gawo la makilomita 2 limatenga mphindi 4 pa liwiro la makilomita 30 pa ola. Thirakitala yoyenda makilomita 15 pa ola imatenga mphindi 8, ndipo munthu wokankha njinga pa liwiro la makilomita 5 pa ola amatenga mphindi 24. Dalaivala wofika njira itangotsekedwa amadikira kuti a mbali yake atuluke, kenako kuti a mbali inayo onse afike, choncho ngakhale zonse zitayenda bwino amaima mphindi zoposa 8. Kudikira kumeneku n'kumene kumayambitsa mikangano yambiri. Wambendera wodziwa ntchito amauza dalaivala woyamba chifukwa chake waimitsidwa ndi nthawi imene angadikire. Sakangana, satsamira galimoto ndipo salandira ndalama kuti alole wina kudumpha mzere. Dalaivala akanyozera chizindikiro, wambendera samuthamangira. Amaliza wezulo kapena kukuwa kuti antchito athawe, amauza mnzake pa wailesi kuti asatsegule njira, ndipo amalemba nambala ya galimotoyo kuti kapitawo akadziwitse apolisi.

Ambulansi imapatsidwa mpata mwamsanga, koma osati mwakhungu. Ambendera onse awiri amaika STOP, amaonetsetsa kuti njira yayera, ndipo amauza oyendetsa makina kuti apatuke. Kulowetsa ambulansi pamene lole ikubwera kuchokera mbali inayo kumachedwetsa wodwalayo kuposa kudikira kwa mphindi imodzi.

Zovala zake ndi vesiti yowala yachikasu kapena yaolenji yokhala ndi timizere tonyezimira, chipewa cholimba ndi nsapato zolimba. Muyezo wa padziko lonse wa zovala zowalazi ndi ISO 20471. Vesiti yothimbirira ndi fumbi kapena yobisika mkati mwa juzi sigwira ntchito yake. Usiku malo oima wambendera amafunika kuwalitsidwa ndi magetsi, chifukwa mbendera siioneka mumdima.

Mapepala ndi umboni wa luso

Popeza maphunziro amachokera kwa kontrakitala, umboni wake umachokeranso kumeneko. Makampani amene ali ndi dongosolo la chitetezo amasunga kaundula wa amene anaphunzira, ndipo ena amapereka khadi la pantchito kapena setifiketi yosonyeza kuti munthu anachita nawo maphunziro. Pepala lotere limathandiza pofunsira ntchito ku kampani ina, koma kampani yatsopanoyo imaphunzitsanso munthuyo malamulo a pamalo ake.

Pepala limene antchito ambiri a pamsewu amaiwala kupempha ndi setifiketi yothera ntchito. Lamulo la Employment Act la 2000 limati wantchito akapempha, wolemba ntchito ayenera kumupatsa kalata yosonyeza dzina la kampani, nthawi imene wagwira ntchito, udindo wake ndi malipiro ake. Kwa wambendera kalata imeneyi ndi yamtengo wapatali, chifukwa ntchito ya msewu imayenda. Gawo la pafupi ndi mudzi likatha, kampani imasuntha ndipo imalemba anthu a m'dera lina. Kampu ikapasulidwa, kupeza wosainira kalata kumavuta, choncho nthawi yopempha ndi ntchito isanathe.

Setifiketi ya chithandizo choyamba, ngati imene amapereka a Malawi Red Cross Society kapena a St John Ambulance, imawonjezera mwayi. Amene akufuna kukwera amapita ku maphunziro a ukapitawo wa ntchito za misewu, a zachitetezo pantchito, kapena kuyendetsa makina. Maphunziro a luso la manja m'dziko muno amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1999.

Ziphaso m'mayiko ena

Ku United States, zizindikiro ndi zida za wambendera zalembedwa m'buku la Manual on Uniform Traffic Control Devices, limene linatuluka koyamba mu 1935. Chikwangwani cha kumeneko chimalembedwa STOP ndi SLOW, chimakhala ndi ngodya 8 ndipo kukula kwake sikuchepera masentimita 45. Mbendera imagwiritsidwa ntchito pa zadzidzidzi zokha. Za chiphaso zimasiyana malinga ndi chigawo. Kosi yotchuka ndi ya bungwe la ATSSA, imene imatenga maola pafupifupi 4 ndipo imatha ndi mayeso olemba ndi kuonetsa zizindikiro. M'chigawo cha Washington khadi limagwira ntchito zaka 3, ndipo zigawo za Washington, Oregon, Idaho ndi Montana zimavomerezana makadi. Ku British Columbia m'dziko la Canada kosi ndi ya masiku 2 ndipo chiphaso chimatha pakapita zaka 3.

Ku Britain malangizo ali mu Chaputala 8 cha buku la Traffic Signs Manual, ndipo lamulo la New Roads and Street Works Act la 1991 limafuna kuti pa ntchito zokumba mumsewu pakhale anthu ophunzitsidwa ndi olembetsedwa. Ku Australia malangizo amati woongolera magalimoto apumule kapena asinthe ntchito kwa mphindi 15 akagwira maola 2, chifukwa maganizo a munthu woima malo amodzi amayamba kuyendayenda.

Ku South Africa, kumene Amalawi ambiri amagwira ntchito zomangamanga, masukulu omwe si a boma amaphunzitsa makosi aafupi a ntchitoyi, ndipo makontrakitala akuluakulu amafunsa setifiketi. Bungwe loona za maphunziro a zomangamanga kumeneko ndi Construction Education and Training Authority. Chiphaso cha dziko lina sichigwira ntchito chokha kwina. Zikwangwani zimasiyana, ndipo amene anaphunzira ku United States kapena ku Canada, kumene magalimoto amayenda kumanja, ayenera kutembenuza zonse zokhudza poima.

Zoopsa ndi ufulu wa wantchito

Kuwonjezera pa kugundidwa ndi galimoto, wambendera amakumana ndi fumbi, utsi wa phula lotentha, phokoso, kutentha ndi kutopa kwa miyendo. Ngozi ina imachokera kumbuyo, ku makina a kampani yake yomwe, pamene maso ake ali pa magalimoto obwera. Sangachoke pamalo pake popanda womulowa m'malo, ngakhale kupita kukamwa madzi, choncho kampani iyenera kukonza wosinthana naye. Employment Act imaika maola 48 pa sabata ngati malire a nthawi yokhazikika ya ntchito, ndipo maola owonjezera amalipiridwa padera. Wovulala pantchito ali ndi ufulu wolandira chipukutamisozi pansi pa Workers' Compensation Act ya 2000. Ngoziyo iyenera kunenedwa kwa wolemba ntchito mwamsanga, ndipo nkhani yake imadzera ku ofesi ya zantchito ya pa boma.

Chifukwa cha zoopsazi, mayiko ena akuchotsa munthu m'mphepete mwa msewu. Amagwiritsa ntchito maloboti onyamulika oyendera batire kapena dzuwa, kapenanso mitengo yotsekera njira imene wambendera amaikweza ndi kuitsitsa ali patali. Zida zimenezi zimagwira bwino ntchito pamene magalimoto ali ndi liwiro lofanana. Loboti yoikidwa nthawi siidziwa kuti thirakitala ya tiyi idakali pakati pa chitunda, kapena kuti ambulansi yochokera ku Thekerani yafika kumbuyo kwa mzere, choncho pa misewu yotere zidazi zimafunabe munthu woziyang'anira.